Dzina Lobwereka pa Chikwangwani

Nkhani ya madzulo ano ikuchokera kutali, ku dziko la Amereka, kumene galimoto ili monga ilili njinga m'maboma a kuno ku Malawi: munthu wopanda galimoto amavutika kufika ngakhale ku ntchito kwake. Ndi nkhani ya makalata atatu amene makampani akuluakulu opanga magalimoto adalembera anthu owagulitsira malonda awo, ndiponso ya chinthu chimene chidawaopsa mpaka kufika polemba makalatawo.

M'mwezi wa Januwale chaka cha 2022, mkulu woyang'anira za malonda ku kampani ya Ford, bambo Andrew Frick, adalembera kalata eni malo ogulitsira magalimoto a kampaniyo. Pa nthawiyo anthu zikwi zambiri adali atalembetsa kale kuti adzagule galimoto yatsopano yoyendera magetsi, yotchedwa F-150 Lightning. Tsono kampani idamva kuti ogulitsa ena akuuza anthu olembetsawo kuti aonjezere ndalama zina zimene sadagwirizane poyamba. Bambo Frick adati khalidwe lotere likukhumudwitsa ogula, likuononga dzina la Ford, ndiponso likuipitsa mbiri ya ogulitsa onse, ndipo adachenjeza kuti wopitiriza mchitidwewo akhoza kumanidwa magalimotowo. Mwezi womwewo kampani ya General Motors idatumiza kalata yonga yomweyo kwa ogulitsa ake. M'mwezi wa Febuluwale ya Hyundai nayo idalemba yake, ndipo iyi sidapite m'mbali: idati ogulitsa ena amalengeza mtengo wina pa intaneti, koma wogula akafika ndi kuyamba kukambirana, amamutchulira mtengo winanso.

Womvera akhoza kufunsa kuti, nanga kampani yaikulu ngati Ford ikuvutikiranji ndi makalata, osangowachotsa ntchito anthu osamverawo? Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Wogulitsa magalimoto ku Amereka si wantchito wa kampani yopanga magalimoto ayi. Iye ndi mwini malonda payekha. Malo ndi ake, antchito ndi ake, ndipo magalimoto amachita kugula ku fakitale ndi ndalama zake kapena za ngongole, ndi kumagulitsa pa mtengo umene waufuna. Malamulo a zigawo za dzikolo amamuteteza kwambiri, kotero kuti kampani singamulande chilolezo mwachisawawa, ndipo m'madera ambiri singatsegule sitolo yakeyake yopikisana naye. Kampani imangotchula mtengo umene ikuuona kuti ndi woyenera, kulamula singalamule.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chimene sichili chake cha wogulitsayo, ndipo chinthucho ndi dzina. Chikwangwani chachitali chimene chimawala usiku pambali pa msewu, chimene chimakhotetsa munthu kuti alowe pa chipata, chili ndi dzina lobwereka. Dzinalo lidamangidwa zaka zambirimbiri ndi amisiri a ku fakitale, ndi magalimoto amene adayenda bwino, ndi ndalama zochuluka zotsatsira malonda. Wogula salingalira za kusiyana kumeneku. Akanamizidwa, pobwerera kwawo sanena kuti wanamizidwa ndi bambo Uje wa pa msewu wakuti. Amatchula dzina lija adaliona pa chikwangwani, ndipo amalitchula kwa mkazi wake, kwa anzake a ku ntchito ndi kwa aliyense womufunsa nzeru.

Nthendayi si ya lero. M'zaka za m'ma 1950, munthu wofuna galimoto yatsopano ku Amereka adalibe njira yapafupi yodziwira mtengo wake weniweni. Ogulitsa ambiri adali ndi chizolowezi chokweza mtengo mwakachetechete, kenaka ndi kulengeza kuti autsitsa kwambiri, kapena kuti munthu akabwera ndi galimoto yake yakale adzamugula pa mtengo wodabwitsa. Mwini galimoto yakaleyo ankachoka akusekerera, osadziwa kuti zimene wapatsidwa ndi dzanja lamanja zachotsedwa kale ndi lamanzere. Madandaulo atachuluka, phungu wina wa nyumba ya malamulo ya Senate, bambo Mike Monroney a ku Oklahoma, adatsogolera lamulo limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1958. Lamulolo lidati galimoto yatsopano iliyonse izikhala ndi pepala lomata pa zenera, losonyeza mtengo umene kampani yopanga yatchula, mtengo wa zoonjezera, ndi ndalama zoinyamulira kuchokera ku fakitale, ndipo pepalalo lisachotsedwe mpaka galimoto itafika m'manja mwa wogula. Mpaka lero anthu kumeneko amalitcha pepalali ndi dzina la Monroney. Koma ochenjera sasowa polowera. Pambali pa pepala la lamulo, ogulitsa ena amamata lachiwiri, lawolawo, lofanana ndi loyamba lija m'maonekedwe, ndipo pamenepo ndi pamene amalembapo zoonjezera zawo.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene wogulitsa amanamira potsatsa malonda, ayenera kuganiza za msodzi. Ntchito ya nyambo si kudyetsa nsomba. Ntchito yake ndi kuifikitsa pa mbedza. Chimodzimodzinso mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu m'nyuzipepala kapena pa wailesi ya kanema: ntchito yake imatha pamene munthu waponda pa khomo. Zotsatira zake zimadalira kutopa ndi manyazi. Munthuyo wapempha tsiku ku ntchito, wayenda mtunda, wabwera ndi banja lake, ana akwera kale m'galimotomo ndi kuikonda. Atakhala maola atatu kapena anayi, amalowetsedwa m'chipinda china kumene amapatsidwa mulu wa mapepala oti asayine. Ndi ochepa amene pa nthawi imeneyo amakhala ndi mtima wonyamuka ndi kubwerera chimanjamanja, ndipo wogulitsa wachinyengo amadziwa zimenezi bwino lomwe.

Mitundu ya nyambozi idaonekera poyera m'mwezi wa Januwale chaka cha 2014, pamene bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, la Federal Trade Commission, lotchedwa mwachidule FTC, lidalengeza milandu ya ogulitsa khumi a m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo 9 mwa iwo adavomera pomwepo kusiya zimene ankadandauliridwazo. Bungwelo lidati ena a ku California ankalengeza mtengo wotsika pamene mtengo weniweni udali wokwera ndi madola 5,000. Ena ankati munthu akhoza kutenga galimoto osalipira kanthu poyamba, pamene ndalama zolipira tsiku loyambalo zidalipo ndithu, zobisika m'timalemba tating'onoting'ono. Wina wa ku Georgia ankatchula ndalama yochepa yolipira pa mwezi, osanena momveka kuti ndalamayo ndi ya miyezi yoyambirira yokha, pambuyo pake idzakwera. Wina wa ku Michigan ankatumizira anthu makalata owauza kuti apambana mphoto, pamene mphotoyo sadapambane. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma chofunika kuchiona pa nkhani ino ndi ichi: m'maina a malo ambiri mwa amenewa mudali maina a Ford, Honda, Nissan ndi Kia. Makampani amenewa sadaimbidwe mlandu uliwonse, komabe maina awo ndiwo amene anthu adawerenga m'nyuzipepala.

Tsono chidachitika n'chiyani m'chaka cha 2022 kuti makampani achite kulankhula okha? Mliri wa Covid-19 udasokoneza mafakitale a tizipangizo tating'ono ta kompyuta timene galimoto yamakono singayende popanda ito. Magalimoto atsopano adasowa, ofuna kugula ali mbwee. Kampani ya Edmunds, imene imalondola za mitengo ya magalimoto, idapeza kuti m'mwezi wa Januwale 2022 ogula 82 mwa 100 alionse adalipira ndalama zoposa zolembedwa pa pepala la pa zenera lija, pamene chaka chimodzi m'mbuyomo adali pafupifupi atatu okha mwa 100.

Pano pafunika chilungamo kwa ogulitsa. Kukweza mtengo pa nthawi ya kusowa si bodza ayi. Wa tomato pa msika amachitanso chimodzimodzi m'nyengo ya dzinja, ndipo palibe amamutcha wakuba malinga akatchula mtengo wake poyera. Ogulitsa ambiri adakumbutsanso anthu kuti m'zaka zimene magalimoto adali ochuluka, iwo ankagulitsa pansi pa mtengo wa pa zenera popanda wowathokoza. Mkulu wa kampani ya Ford, bambo Jim Farley, adanena m'mwezi wa Febuluwale 2022 kuti mwa ogulitsa ake khumi alionse, pafupifupi mmodzi ndiye amene ankakweza mitengo chotero. Cholakwa chenicheni chidali pa amene ankalengeza china ndi kuchita china. Ndipo chimene chidasowetsa tulo makampani ndi kusiyana kwa nthawi imene aliyense amawerengera. Wogulitsa amaona phindu la mwezi uno. Kampani imaona munthu amene m'moyo wake adzagula magalimoto angapo, amene ana ake kawirikawiri amayamba ndi mtundu umene adakuliramo. Phindu la bodza limalowa m'thumba la mmodzi tsiku lomwelo, koma ngongole yake imabwezedwa pang'onopang'ono ndi onse okhala pansi pa chikwangwani chija.

Milandu ikuluikulu idatsatira. M'chaka chomwecho cha 2022, gulu la malo ogulitsira magalimoto la Napleton, limene likulu lake lili ku Illinois, lidavomera kupereka madola 10 miliyoni pothetsa mlandu umene lidasumiridwa ndi FTC pamodzi ndi boma la chigawocho. Dandaulo lidali lakuti m'mapepala ataliatali a ngongole ankalowetsamo ndalama za zinthu zimene ogula sadapemphe, ngakhale zimene adakana, ndiponso kuti anthu akuda ankawalipiritsa chiwongoladzanja chokwererapo. M'mwezi wa Disembala 2024, gulu lina lotchedwa Leader Automotive lidavomera kupereka madola 20 miliyoni pa dandaulo la kutsatsa mitengo yonyenga ndi kukakamiza zoonjezera. M'dandaulo limeneli mudali mfundo ina yochititsa chidwi, yakuti antchito ankauzidwa kulemba mau oyamikira malowo pa intaneti monga ngati iwo ndi ogula okhutira. Ndiye kuti ngakhale wonyenga amadziwa kuti mbiri yabwino ndi chuma. Atalephera kuilima, amafuna kuigula ya pa msika.

Bungwe la FTC lidayesa kutseka mipata yonseyi ndi lamulo limodzi, limene lidalengezedwa m'mwezi wa Disembala 2023. Lamulolo lidafuna kuti wogulitsa azitchula mtengo weniweni umene munthu aliyense angagulire galimoto, ndipo asamalipiritse choonjezera chilichonse popanda chilolezo chomveka cha wogula. Mabungwe a ogulitsa magalimoto adakasuma, akuti lamulolo lidzangochulukitsa mapepala ndi kulanga osalakwa. M'mwezi wa Januwale 2025, bwalo la apilo lidalithetsa lamulolo lisadayambe n'komwe kugwira ntchito. Bwalolo silidanene kuti kunyenga ogula n'kololedwa. Lidati bungwelo lidalumpha sitepe ina yofunika popanga lamulo. Malamulo akale oletsa chinyengo adatsala m'malo mwake, ndipo boma lidatsala ndi njira yake yakale, yosaka olakwa mmodzimmodzi.

Wovulala wina pa nkhaniyi, amene satchulidwa kawirikawiri, ndi wogulitsa wachilungamo. Iye akalengeza mtengo weniweni, mtengo wake umaoneka wokwera pambali pa wa mnzake wonama, ndipo anthu amamudutsa. Katswiri wa za chuma, bambo George Akerlof, adafotokoza zofanana ndi zimenezi m'chaka cha 1970, ndipo ntchito yakeyo idathandiza kuti alandire mphoto ya Nobel m'chaka cha 2001. Anthu a ku Amereka amaitcha ndimu galimoto yooneka bwino kunja koma yovunda m'kati. Bambo Akerlof adati wogulitsa galimoto yakale amadziwa ngati ili ndimu kapena ayi, pamene wogula sadziwa. Poopa kupusitsidwa, wogula amangotchula mtengo wapakatikati. Mwini galimoto yabwino amaona kuti mtengowo wamuchepera, ndipo amaibweza kunyumba. Zotsala pa msika zimakhala ndimu zochulukirapo, ogula amaonjeza kukayika, mitengo imatsikanso, mpaka msika wonse ukhoza kufa. Mwa zinthu zimene adati zimapulumutsa msika wotere, adatchula dzina lodziwika la kampani. Dzina lili ngati chikole chimene kampani yasiya m'manja mwa wogula: ikamukhumudwitsa, iye ali ndi pobwezera, pakuti sadzagulanso katundu wa dzinalo. Motero wogulitsa wonama pansi pa chikwangwani cha mwini wake akudya chikole chimene sadaikepo ndi iye.

Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Bungwe la Gallup lakhala likufunsa anthu a ku Amereka, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kuti ndi antchito ati amene amawaona kuti ndi oona mtima. Ogulitsa magalimoto akhala ali pansi kapena pafupi ndi pansi nthawi zonse, ndipo kawirikawiri owayamikira sapitirira 10 mwa anthu 100 alionse. Mbiriyi idazika mizu kalekale kotero kuti pa chisankho cha 1960, adani a bambo Richard Nixon pa ndale adangofalitsa chithunzi chawo ndi funso limodzi pansi pake, lofunsa ngati munthu angagule galimoto yakale kwa mkulu ameneyu. Sipadafunike kufotokozera, aliyense adamva tanthauzo lake.

Komatu mpeni umenewu umatema mbali zonse, ndipo nthawi ina wonama adali mwini dzina. Kwa zaka zingapo kampani ya ku Jeremani ya Volkswagen idatsatsa magalimoto ake oyendera dizilo ku Amereka kuti satulutsa utsi woipa. Pa kanema wina wotsatsa malondawo, mai wachikulire adaika mpango woyera ku ekizozi ya galimoto ndi kuonetsa anzake kuti sudade. Pa 18 Sepitembala 2015, bungwe la boma loteteza chilengedwe lidaulula kuti m'magalimotomo mudali pulogalamu ya kompyuta yozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa; pa nthawi yoyesedwayo inkachepetsa mpweya woipa, koma pa msewu inkatulutsa wochuluka, mwina mpaka kuwirikiza ka 40 kuposa mlingo wololedwa. Kampani idavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse adali ndi pulogalamuyo, ndipo mkulu wake, bambo Martin Winterkorn, adatula pansi udindo patangopita masiku ochepa. Ogulitsa, amene adabwereza uthenga uja kwa ogula awo ali ndi chikhulupiriro chonse, adatsala ndi magalimoto oletsedwa kugulitsa, ndipo ndiwo amene adayang'anizana ndi nkhope za anthu okwiya. M'chaka cha 2016 kampaniyo idavomera kupepesa ogulitsa ake 652 a ku Amereka ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 1.2 biliyoni.

Omvera a ku Karonga amene amaona mizere ya magalimoto ikutsika kuchokera ku chipata cha Songwe akudziwa kuti nkhaniyi siili kutali monga imamvekera. Magalimoto ambiri a m'misewu ya Malawi ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Japan kudzera pa madoko monga la Dar es Salaam. Pamenepa ulusi wolumikiza wopanga ndi wogulitsa ndi wautali zedi, ndipo kawirikawiri palibe ngakhale pangano pakati pawo. Chikhalirecho chimene wogula amakhulupirira ndi dzina lomwe lija: amafunsa ngati ili Toyota, Nissan, Mazda kapena Honda asadafunse china chilichonse.

Mipata ya kusamvana ilipo iwiri yodziwika. Woyamba ndi mtengo. Chiwerengero chimene munthu amaona pa intaneti chikhoza kukhala mtengo wa galimoto ili pa doko la ku Japan, osawerengera sitima, inshuwalansi, zolipira pa doko lofikira, woiyendetsa mpaka ku chipata, ndi msonkho wa boma. Wogulitsa woona amanena zimenezi poyambirira. Wachinyengo amadikira kuti ndalama yoyamba ituluke kaye. Wachiwiri ndi mtunda umene galimoto yayenda, pakuti manambala a pa mita akhoza kubwezedwa m'mbuyo. Pa ichi pali mboni imodzi yothandiza: chikalata chimene boma la Japan limapereka potulutsa galimoto m'dzikomo chimasonyeza mtunda umene udalembedwa pamene galimotoyo inkayesedwa komweko, ndipo wogula ali ndi ufulu wopempha kuchiona. Dziko la Malawi lilinso ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lokhazikitsidwa potsatira lamulo la 1998 limene lidalowedwa m'malo ndi latsopano m'chaka cha 2024, ndipo lamulolo limaletsa kusocheretsa anthu pa za mtengo kapena mkhalidwe wa katundu. Wonyengedwa ali ndi kokadandaula.

Koma ambiri sapita kumeneko. Galimoto imene mita yake imati yayenda makilomita 60,000 pamene idayenda 160,000 imayamba kumwa oilo ndi kufuka isadathe chaka. Mwini wake amaikankhira ku galaja, ndipo ali chiimire pamenepo, makaniko atalowa kunsi, amauza aliyense wodutsa kuti mtundu umenewu sulimba m'misewu ya kuno. Amisiri amene adaipanga ku Japan sadzamva konse za iye. Amene adamugulitsa uja adasamuka kale pa malo paja, ndipo nambala yake ya foni siikugwiranso.